Chilombo cha m'Kaseti Yachikasu

Kaseti ija inali yachikasu ngati bango lakupsa, yosweka pakona imodzi pomwe wina anamatapo tepi yakuda. Amalume ankaigwira ndi zala ziwiri, ine ndi manja onse. Pamwamba pake panali chithunzi chofwifwa: kamunthu konyamula mkondo, ndipo kumbuyo kwake mdima wokhala ndi maso awiri. Zilembo zake sizinali zathu. Ngakhale aphunzitsi anga, amene m'kalasi sankasowa yankho, tsiku limene anabwera kudzazonda amalume anaitembenuza uku ndi uku n'kungoti, "Izi n'za eni ake." Ukaiuzira kunsi kuti fumbi lichoke, inkabweza kafungo ka chitsulo chotentha. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo pa ayironi yoiwalika, ndimakumbukira kaseti ija.

Sinali kaseti ya nyimbo. Inali ya gemu, yolowetsa m'kamakina kotuwa kamene tinkalumikiza ku TV yathu yaing'ono yosaonetsa mitundu. Amalume anagula zonsezo pamsika ku Chegutu masiku amene golide ankawamwetulira, ndipo mayi anawanyogodola kuti munthu wandevu zake akugula zidole.

Tinkakhala mu komboni yakale ya mgodi kunja kwa Kadoma, m'nyumba zija za zipinda ziwiri zimene kampani inasiya itatseka zipata. Agogo aamuna anachoka ku Nyasaland ali mnyamata, ndipo mudzi wina woti n'kuutcha kwathu tinalibe. Sukulu ikatsekera anzanga ankakwera mabasi kupita kumidzi kwawo, ife n'kutsala kulondera mpopi. M'nyumba tinalimo agogo, mayi, amalume ndi ine. Bambo anapita ku Joni ndili wakhanda ndipo njira yobwerera anaiiwala. Choncho amene ankatidyetsa anali amalume, mlongo wamng'ono wa mayi. Iwo anali m'gulu la makorokoza, anthu okumba golide paokha m'maenje a ku Battlefields, otsika pansi ndi chingwe, tochi ili pamphumi. Loweruka ankabwera ali mbuu ndi dothi, thumba la ufa paphewa, mabanzi m'jekete, nyimbo ikumveka asanafike n'pampopi pomwe.

Chaka chimenecho mvula yoyamba itangogwa, anabwera nawo atagona kumbuyo kwa lole, mwendo atawakulunga ndi malaya a munthu wina. Ine palibe anandiuza kanthu. Mwana wa zaka khumi sauzidwa, amatola. Ndinatola pampopi, kwa azimayi amene ankatsitsa mawu akandiona: dzenje linagumuka muli anthu awiri, amalume anawafukula dzuwa likupendeka, koma mnzawoyo anamupeza mawa lake atazizira kale.

Mwendo unapola msanga. Pofika Khirisimasi ankayenda osatsimphina n'komwe. Koma munthu amene anapola mwendoyo sanali uja woimba. Chitseko sankafuna kuti chitsekedwe. Mphasa yawo anaitulutsa pakhonde, ati m'nyumba mukutentha, ngakhale tsiku la mvula yamphepo. Tsiku lina mayi ankakhuthula chimanga kuchokera m'thumba kuthira m'lichero, waaa, ndipo amalume anadzambatuka, kugubuduza kapu ya tiyi, n'kukaima pakati pa bwalo ngati aitanidwa. Ine ndinaseka. Mayi anangondiyang'ana kamodzi, kuseka n'kuthera pakhosi.

Lamlungu lililonse kunkabwera mnzawo wa kumaenje, munthu wamtali wa ku Sanyati wosowa dzino lakutsogolo. Ndinkamutcha bambo wa tochi, chifukwa tochi yake sankaivula pamphumi ngakhale dzuwa lili paliwombo. Sindinkamukonda, ngakhale palibe chimene anandilakwira. Ankakhala pa chigubu, kufunsa za mwendo, kenako n'kufika pamene wabwerera. "Unodzoka rini, shamwari?" Ankafunsa m'Chishona kuti amalume abwerera liti, poti malo a munthu pachingwe sakhala opanda munthu mpaka kalekale. Agogo, amene anathera moyo wawo wonse pansi mu mgodi mpaka chifuwa chinkalira ngati mvukuto, ankamenyetsa ndodo pansi. "Aikona! Ife mwala ukagwa lero, m'mawa mwake tinkalowa." Mayi nawonso ankayang'ana thumba la ufa likufota pakona. "Achimwene, sadza satuluka mu TV."

Lamlungu lina atawapanikiza onse atatu, amalume anayankha maso ali pa TV. "Ndikangomaliza gemu iyi, ndibwerera. Ine sindisiya chinthu panjira." Bambo wa tochi anaseka chikhakhali n'kuwagwira chanza. Agogo sanaseke. Anangoti, "Tamva tonse." Kuyambira tsiku limenelo nkhani inali imeneyo, ndipo aliyense pakhomo ankaidziwa: gemu ikatha, amalume atsikanso pansi.

Zaka zimenezo magetsi ankabwera ngati mlendo wosanena tsiku. Babu ikangoti ng'ani, amalume ankandiitana kulikonse kumene ndinali, ndipo tinali ndi mwambo wake. Ine ndinkauzira kaseti, iwo n'kuilowetsa. Adaputa yake inali yogwedera pakhoma, moti tinkaichirikiza ndi bokosi la machesi, ndipo ikatentha tinkaikupiza ndi chikatoni. Gemuyo inalibe chifundo. Sinkasunga pamene wafika. Magetsi akazima, kapena adaputa ikasuntha pang'ono, unkayambiranso kunkhalango koyambirira ngati sunavutikepo.

Kamunthu ka mkondo kankadutsa m'nkhalango, kuwoloka mtsinje wodzaza achule olavula timipira, kukwera phiri, kudumpha milatho yothothoka. Amalume anali katswiri. Zala zimene zinazolowera nyundo zinkavina pa timabatani, ndipo nthawi zina, osazindikira, ankayamba kung'ung'udza nyimbo yawo yakale. Mayi akamva ankaima pakhomo ndi mthiko m'manja akumvetsera. Anandiphunzitsa inenso, kundikonza mokalipa ngati ndikuphunzira ntchito yeniyeni, mpaka ndinadziwa dzenje lililonse ndi mdani aliyense. Kumapeto kwa phiri kunali masitepe otsikira pansi, nyimbo n'kusintha kukhala yolemera, ndipo pansi pa masitepewo panali chitseko chachikulu chachitsulo. Ana onse a mu komboni ankadziwa kuti gemu iliyonse imathera kwa chilombo chake chachikulu, chimene tinkati bosi. Wathu anali kuseri kwa chitseko chimenecho.

Tsiku loyamba kufika pamenepo, amalume anaimitsa kamunthu, n'kuika pansi chogwirira cha timabatani chija. Kunja kunkawaza. Ndinawafunsa kuti bwanji sakulowa, ndipo anakhala kanthawi akuyang'ana chitsekocho.

"Chili umo suchiona msanga, mphwanga," anatero. "Umayamba wamva kamchenga kakuthothoka pang'onopang'ono, ngati wina akuthira shuga mu tiyi. Kenako mitengo imalira. Kenako kuwala kumazima, ndiye chimabwera n'kukukhalira pachifuwa. Ukati upume, chimakana. Ukaitana mnzako amayankha. Ukaitananso amayankha motsitsa. Kenako umaitana wekha."

"Mnzakoyo ndani, poti kamunthuka kali kokha?" ndinafunsa.

Nthawi yomweyo TV inangoti psiti, mdima, ndipo anati adaputa yatopa.

Lero ndimadzifunsa kuti nzeru zanga zinali kuti, poti zonse ndinali nditazitola kale pampopi paja. Koma mwana amaika chinthu chilichonse m'dengu lake. Za dzenje zinali za akuluakulu, zonong'onezana. Za chilombo anandiuza amalume m'maso muli gwa, ali ndi chogwirira pamiyendo, ndipo chithunzi cha pa kaseti chinkawachitira umboni. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndinaopa monga sindinaopeponso china.

Gule amene ankavina kumanda a komboni, amene anzathu a Chishona ankati zvigure, ndinkamuopa ndithu, koma iye unkamumva akubwera ndipo kothawira unkakudziwa. Ichi chinkakhala m'nyumba mwathu, pa shelefu, pambali pa botolo la mafuta odzola. Ndinayamba kuigoneka chafufumimba kasetiyo kuti maso aja asandione ndikamasesa. TV ndinkaifunditsa nsalu, mayi n'kumandiyamikira kuti ndayamba ukhondo. Chiswe chikagwetsa kadothi kuchokera kudenga, thupi lonse linkachita tsembwe. Shuga ndinasiya kuthira ndekha. Popita kuchigayo njira inkadutsa pafupi ndi maenje akale a kampani otchinga ndi waya wadzimbiri, ndipo ndinkadutsapo chothamanga, nditatseka makutu, chimanga chikutayika pamutu.

Ndinauzako ana ochepa amene anatsala mu komboni holide imeneyo, ndipo nkhani inanenepa ngati nkhumba ya m'busa. Mnyamata wina analumbira kuti msuweni wake wa ku Ngezi anatsegula chitseko chomwecho, TV n'kuphulika. Mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe anati ukachiona sugona mpaka akuotchere mankhwala. Ankabwera kudzasuzumira pawindo tikamasewera, koma nyimbo yolemera ija ikangoyamba ankabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

Chitsekocho tinkachifika kawirikawiri, koma osalowa. Pena magetsi ankapitadi. Pena amalume, katswiri uja, ankagwera m'kadzenje kamene ngakhale ine ndinkakadumpha nditatsinzina, n'kumenya ntchafu kuti lero si tsiku lake. Pena TV inkangozima yokha. Tsiku lina itazima choncho, ndinamva wailesi ya nyumba yoyandikana ikupitiriza kuimba, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona chala chachikulu cha phazi la amalume chili pafupi ndi bokosi la machesi lija. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. "Yatopa," anatero. Ndinavomera msangamsanga, chifukwa mtima wanga unali utakhala pansi kuti lero tapulumukanso.

Koma m'nyumba zinthu sizinkadikira. Sadza, ndiye kuti nsima, tinayamba kudya kamodzi patsiku, ndiwo zake masamba a maungu opanda mafuta. Mayi ankayenda wapansi kupita m'tauni kukachapira anthu, n'kubwera manja atatuwa ndi sopo. Bambo wa tochi anayamba kutchula za mnyamata wina wa kwawo amene akufuna malowo. Agogo anasiya kulankhula ndi amalume, n'kumalankhula ndi nkhuku mokweza kuti tambala wa masiku ano amaopa mame. Amalume ankangomva, mutu uli pansi.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali tulo tawo. Masana ankagona pansi pa mtengo wa mango, chipewa kumaso, ndipo mwadzidzidzi ankayamba kupalasa miyendo, manja akukankha chinthu chosaoneka pachifuwa. "Kokani! Kokani!" Akadzuka thukuta linali kamukamu, maso akufunafuna kumwamba. Ine ndinkaima patali ndi tsache, ndipo m'mutu mwanga zonse zinkagwirizana bwinobwino. Chilombo cha m'kaseti chinkawatsata kutulo. Ndi chimene chinawalanda nyimbo, ndi chimene chinawatsekera pakhomo, ndi chimene chinafotetsa thumba la ufa. Chitafa chimenecho, amalume akanagona ngati anthu, akanabwerera kuntchito akuseka, ndipo Loweruka mabanzi akanabweranso. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinaganiza kuti ngati iwo akulephera, ndichite ndine.

Mpata unapezeka chakumapeto kwa holide. Pamaliro a mnzawo wofera m'dzenje uja amalume sanapiteko chifukwa cha mwendo, ndipo mayi anati n'zochititsa manyazi kuti mpaka pano sanakapepese. Mayi ake a malemuyo ankakhala pa famu ina kufupi ndi Chegutu, anthu a chinenero chathu chomwe, ochokera ku Mozambiki. Ananyamuka m'mawa, mayi atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, amalume ali m'malaya oyera owathina m'khosi, bambo wa tochi akutsogolera. Ndinatsala ndi agogo, amene anakokera mpando wawo padzuwa n'kuyamba kuwodzera. Magetsi, amene masiku onse ankatinyoza, tsiku limenelo anakhala ngati alipidwa.

Ndinakonzeka ngati wopita kunkhondo. Ndinatsegula chitseko ndi mawindo onse. Ndinavala nsapato za kusukulu n'kumanga zingwe, kuti zikavuta ndithawe osabaidwa ndi minga. Bokosi la machesi ndinalichotsa, n'kuchirikiza adaputa ndi chibenthu cha njerwa, mwamphamvu, moti ngakhale mbuzi ikanalowa sikanaisuntha. Ndinapemphera pemphero lonse la kusukulu, ndi lija la chakudya lomwe, poti ena sindinkawadziwa. Kenako ndinatembenuza kaseti, maso aja n'kundiyang'ana, ndipo ndinauzira.

M'nkhalango ndinadutsa bwino. Pamtsinje manja anayamba kuterera, ndinkawapukutira pa diresi. Paphiri ndinafa, n'kufanso, ndipo ndikunena zoona kuti mbali ina ya mtima wanga inkakondwera. Koma zala zinali zitaphunzira kwa mphunzitsi wabwino, zinkangopita zokha. Masitepe anafika. Nyimbo inasintha. Ndinagwiritsa chogwirira ndi manja onse. Kunja nkhuku inkapalasa pafupi ndi khonde, ndipo kamchenga kamene inkamwaza kanatsala pang'ono kundithamangitsa. Ndinayang'ana agogo, ndinayang'ana njira yothawira, ndinatsinzina diso limodzi, n'kukankhira kamunthu kaja pachitseko.

Munali chule.

Ndikunena chule, yemwe uja wa pamtsinje amene ndinkamupha ndikuyasamula, kungoti uyu anamufufumitsa ngati wamwa madzi a chigubu chonse. Anali m'kachipinda kowala bwino, kopanda mtengo ndi umodzi womwe. Ankadumpha kupita kumanzere, n'kudumpha kubwerera kumanja, kenako n'kulavula kampira koyenda mwaulesi, koti ngakhale agogo ndi ndodo yawo akanakapewa. Ndinati uyu ndi mlonda chabe, mwini wake akubwera. Ndinakanikiza kamunthu kanga pakona, ndikubaya ndi mkondo uku makutu ali tcheru kudikira mchenga. Chuleyo sanandilondole n'komwe. Ankangobwera yekha kudzadzibayitsa, n'kubwerera, n'kubweranso, ngati woledzera amene wasokera pakhomo pa eni. Posakhalitsa anaphethiraphethira, analira kamawu ngati mwana waponda chidole, n'kuzimiririka.

Ndinadikira. Ndinadikira kuti kuwala kuzime, kuti pansi patseguke, kuti chenichenicho chitulukire. M'malo mwake kunabwera kanyimbo kosangalala ndi mawu a Chingerezi oyamikira, n'kuima pomwepo. Basi.

Mantha anatuluka m'thupi mwanga ngati madzi m'ndowa yobooka, ndipo m'malo mwake munalowa mkwiyo. Holide yonse! Tiyi wopanda shuga, chimanga chotayika, kufunditsa TV ngati wodwala, zonsezo chifukwa cha chule wonenepa! Mpaka lero sindinamukhululukire munthu amene anapanga gemu imeneyo. Anavutika kumanga nkhalango, phiri ndi milatho, anapeka nyimbo yoimitsa tsitsi, ndiye pofika pamapeto ulesi unamugwira, n'kungotola chule pamtsinje kuti akhale mfumu. Mwana wanga masiku ano akamadandaula pa foni yake kuti bosi womaliza anali wofewa, ndimamuuza kuti iwe sunaone kanthu. Koma ndimalekera pomwepo, zotsatira zake sindimuuza.

Mawu aja ankakhalabe pa TV bola usakhudze batani, ndipo ndinatsimikiza kuti aliyense awaone ndi maso ake. Ndinakhala pansi kulondera njerwa ija tsiku lonse, ndikukupiza adaputa mpaka mkono kuwawa. Nsapato sindinavule. Agogo atadzuka anasuzumira, ndinawafotokozera, ndipo anayang'ana TV nthawi yaitali ngakhale Chingerezi chowerenga sankachidziwa. Kenako anabwerera pampando wawo.

Anthu aja anafika dzuwa litapendeka, nsapato zili ndi matope ofiira a kufamu. Maso a mayi anali otupa. Amalume ankayenda kumbuyo, malaya oyera aja atamasula mabatani, nkhope ngati munthu amene wasenza katundu ulendo wonse. Mwana wamakhalidwe akanalonjera kaye, kulandira chikwama, kupereka madzi. Ine ndinawathamangira pabwalo ndikukuwa kuti komboni yonse imve. "Yatha! Ndachipha! Amalume, gemu yatha!"

Analowa onse m'nyumba. Kanyimbo kaja kanali kakulirabe. Bambo wa tochi anawerenga mawuwo mokweza, anawomba m'manja, n'kundinyamula m'mwamba. "Yapera! Mwana uyu murume chaiye!" Ankati ndachita chamuna, ine n'kumadzimva. Amalume sanayang'ane TV kwenikweni. Ankayang'ana pakhoma, pa chibenthu cha njerwa chija, ndi bokosi la machesi limene ndinalitaya pambali.

Amene analankhula anali mayi, ndipo anandidabwitsa. Mayi omwe aja a sadza satuluka mu TV. "Wamaliza ndi mwana, si iwo," anatero. "Ndiponso mvula ikadalipo. Adikire kuti pansi paume." Sindinadziwe chimene anakaona kufamu kuja, m'nyumba ya mayi amene mwana wake anamupeza mawa lake. Ndinangoona kuti akufuna kundilanda ulemu wanga, ndipo ndinatupa.

Agogo anaima pakhomo atatsamira ndodo. "Gemu yatha kapena sinathe?"

Kanyimbo kopusa kaja kanapitiriza kulira. Amalume akanatha kugwira mawu a mayi. Akanatha kunena kuti lonjezo linali la iwo, osati la mwana. Ndikukhulupirira kuti ngakhale bambo wa tochi akanavomera. Koma anayang'ana manja otuwa a mayi, anayang'ana pakona pamene panali thumba la ufa, n'kunena motsitsa kuti, "Yatha."

Kenako anagwada kuti tifanane msinkhu. "Chinali chotani, mphwanga?"

"Chule basi, amalume. Munandinamiza. Mulibe mchenga, mulibe mdima, mulibe chilichonse. Chule basi."

"Chule basi," anabwereza. Mapewa awo anagwedezeka ngati akuseka, koma mawu sanatuluke. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa TV.

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo yolemera cha ku Battlefields. Majombo awo, amene anakhala masabata onsewo kuseri kwa chitseko mpaka akangaude kumangamo, anawagogoda pakhonde n'kuwavala. Mayi anawakulungira chimanga chokazinga m'kapepala, osawayang'ana kumaso. Agogo anadzuka pampando, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense, n'kuwapatsa chipewa chawo chakale cha pamgodi, cholimba, chosweka pamlomo. Bambo wa tochi ankadikira pamsewu.

Ndinawaperekeza mpaka pampopi. Pamenepo anaima kuti amange tochi pachipewa ndi lamba wa mphira, ndipo analephera. Zala zija zimene zinkavina pa timabatani zinkanjenjemera moti mfundo inkangomasuka. Anayesa, anayesanso. Ine ndinati akumva kuzizira, ndipo ndinafunsa ngati ndithamange kukawatengera juzi. Anapukusa mutu. Ndinawalanda chipewacho n'kuwamangira ndekha, mfundo yolimba ngati ya nsapato za kusukulu, ndipo powapatsa ndinawauza mawu amene ndinkaona kuti ndi mphatso yaikulu kuposa zonse.

"Musaopenso, amalume. Ndachipha kale."

Anandigwira pamutu nthawi yaitali, dzanja likulemera. "Wachita bwino, mphwanga," anatero. Kenako anapita, osacheuka, ndipo mvula inayamba asanafike n'pamsewu pomwe.

Ndinene msanga, poti mwina mtima wanu uli m'mwamba: dzenje silinawadye. Loweruka anabwera, ndi Loweruka linalo, kwa zaka zambiri, thumba la ufa paphewa. Maenje amenewo ndi amene anandiphunzitsa sukulu mpaka ndinafika pamene ndili. Chimene chinawatenga ndi fumbi la m'chifuwa, pang'onopang'ono, ine nditakula kale. Koma nyimbo ija sinabwererenso, mphasa sinalowenso m'nyumba, ndipo chogwirira sanachikhudzenso ngakhale kamodzi. Ndimawaganizira m'mawa uliwonse wa zaka zonsezo, ataima pakamwa pa dzenje, chingwe chili m'chiuno, ndipo ndimachita mantha lero kuposa amene ndinachita tsiku la chule.

Koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha m'matope. Ndinapeza mayi atakhala pakhonde, pa mphasa ya amalume, akuyang'ana mvula, ndipo sanandikalipire ngakhale diresi linali litanyowa. Magetsi analipo. Ndinauzira kaseti n'kuyambanso, chifukwa chinthu chimodzi chinkandivutabe: amalume sanali munthu wabodza. Ndinaganiza kuti mwina ndinalowa molakwika, mwina ndinafulumira, mwina TV yathu inali yotsika mawu. Nditafika pansi pa masitepe ndinaimitsa kamunthu pamene iwo ankakaimitsa, ndinakweza mawu mpaka kumapeto, n'kugunditsa khutu pa TV. Ndinamvetsera mpaka khutu linatentha. Kamchenga kaja sindinakamve, ndipo ndinakhala pamenepo ndikudabwa kuti nanga amalume anakamvera kuti.